Mkamwana Amene Anakaphunzira za Ayisi

Maganizo opita ku Norway ndinawamanga nditaima pachulu. Pasukulu ya sekondale yoyendera imene ndinkaphunzitsa jogalafe ku Hewe, netiweki inkagwira bwino pachulu chimodzi chokha kuseri kwa makalasi, ndipo aphunzitsi tonse tinkasinthana kukwerapo nthawi ya buleki. Tsiku limenelo ndinakwera kuti ndione ngati malipiro alowa. M'malo mwake ndinapeza uthenga wakuti anditenga kukachita digiri yachiwiri, sikolashipu yolipira zonse, pa maphunziro a madera oundana a kumalekezero a dziko lapansi pamodzi ndi malamulo osamalira chilengedwe. Belu linalira, ana n'kulowa m'makalasi, ine ndili chiimire ndi foni m'manja. Pamene ndinkatsika ndinali nditavomera kale mumtima. Chinatsala n'kukauza anthu a kunyumba.

Ine ndine Temwa, koma ku Hewe aliyense amanditcha NyaMsiska. Kwathu ndi kufupi ndi Phwezi, ku Hewe ndinapitira ukwati. Amuna anga a Yotamu ndi alangizi a zaumoyo pachipatala chaching'ono cha m'deralo, ndipo nthawi imeneyo mwana wathu Wezi anali ndi zaka zitatu. Tinkakhala pamudzi pa apongozi anga aamuna, mphunzitsi wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo, munthu wovala tayi ngakhale popita kukazonda ng'ombe. Apongozi aakazi anali atamwalira kale. Pakhomo pankalamula alamu anga a Ellen, achemwali aakulu a amuna anga, amene anabwerera pamudzi ukwati wawo utatha.

Kwa zaka zingapo ndinkaphunzitsa ana za madzi oundana a kumpoto ndi kummwera kwa dziko lapansi kuchokera pa chithunzi chimodzi cha m'buku, chakuda bii, choti sunkatha kusiyanitsa phiri la ayisi ndi mtambo. Ndinkawauza kuti ayisi ameneyo akusungunuka, nyanja zazikulu zikutentha, ndipo zimenezi zikukhudza mvula ya kwathu imene yasiya kusunga nthawi. Ana ankalemba m'makope mwaulemu, koma nkhope zawo zinkaonetsa kuti akumva ngati nthano. Inenso ndinkadziwa kuti ndikungobwereza za m'buku. Ayisi yekhayo amene ndinali nditagwirapo ndi wa mafirizesi a pa depoti ya Rumphi. Zinkandiwawa kuphunzitsa chinthu chimene sindinachione.

Nkhaniyo ndinaitula Loweruka masana, apongozi ali pampando wawo pakhonde, ine nditagwada chapatali monga amachitira mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wamwamuna, pamudzi wa Chitumbuka. Ndisanamalize n'komwe, a Ellen anasiya nyemba zimene ankasankha.

"Ayisi? Mlamu, musiye mwana wa zaka zitatu kukaphunzira ayisi? Pamudzi pano ngakhale filiji palibe. Mukadzabwera nayo digiriyo tidzaiike pati kuti isasungunuke?"

Anthu anaseka, ine ndinangoyang'ana pansi. Apongozi sanaseke. Anandifunsa funso limodzi lokha. "Mkamwana, mukabwerako?"

"Ndikabwera, adada."

"Onse amatero," anayankha. Kenako anati nkhaniyo ndi ya mwana wawo, ndiye mwini nyumba.

A Yotamu anakhala masiku angapo osaitchula nkhaniyo. Ankadya, kumvera wayilesi, kupukuta njinga. Tsiku lina atandikweza panjinga popita kumsika, anayankhula osacheuka. "Anyina Wezi, pitani. Mukapanda kupita, mudzandiyang'ana moyo wanu wonse ngati munthu amene anakutsekerani chitseko. Ine sindingakhale m'nyumba imodzi ndi maso amenewo." Ndinagwira malaya awo kumbuyo mpaka tinafika kumsika.

Masiku ano anthu akamandifunsa za ku Norway amafuna kumva za kuzizira. Kuzizira kunalipo, koma kuzizira kuli ndi mankhwala ake: jekete, mabuti, magolovesi. Chimene chinandigonjetsa pang'ono ndi mdima. Mzinda umene ndinkaphunzirako uli kumpoto kwenikweni, m'mbali mwa nyanja, ndipo nthawi yozizira ikafika dzuwa limasiya kutuluka kwa milungu yambirimbiri. Masana enieni kumangochita kambuu ngati mbandakucha, kenako kudanso. Ine mwana wobadwira pa dzuwa la ku Phwezi, thupi langa linasokonezeka. Ndinkadzuka osadziwa ngati ndagona kapena ayi. Ndinkadya nditaima. Anthu a kumeneko ndi abwino mtima koma sapatsana moni pamsewu. Masabata oyamba ndinkapereka moni kwa aliyense m'basi, iwo n'kumandiyang'ana modabwa ngati ndikufuna kuwapempha kanthu. Patapita nthawi ndinasiya, ndipo tsiku limene ndinazindikira kuti ndadutsana ndi gogo wachikulire osamupatsa moni, ndinalira nditafika m'chipinda.

Za ndalama ndinene mosabisa. Sikolashipu ija ukaisintha kukhala makwacha inkaoneka yoopsa, ndipo achibale anaisintha kale m'mitu mwawo ndisananyamuke. Koma kumeneko kabichi mmodzi amadula moti umamuyang'ana kawiri usanamuike m'dengu. Ndinapeza ganyu yoyala mabedi ndi kutsuka mabafa pahotela ina kumapeto a sabata, ine madamu a jogalafe, ndipo zimene ndinkapeza pamenepo ndizo ndinkatumiza kumudzi. Mauthenga ankabwera ngati mvula: feteleza, fizi ya mwana wa msuweni, malata, bokosi la maliro. Ena ochokera kwa anthu amene sitinachezepo chibadwire. Ndinaphunzira kukana, ndipo mbiri inamveka ku Phwezi ndi ku Hewe komwe kuti NyaMsiska wayamba kunyada.

Kusukulu nakonso sikunandilandire ndi manja awiri. Maphunziro a malamulo ndinkawakhoza, chifukwa ndi kuwerenga ndi kutsutsana, zinthu zimene mphunzitsi aliyense amazitha. Koma a sayansi ya ayisi anali odzaza masamu: mmene kutentha kumalowera m'madzi oundana, mmene phiri la ayisi limayendera pang'onopang'ono kutsikira m'nyanja. Anzanga ambiri anali ana aang'ono ochokera kumene ku digiri ya fizikisi. Mayeso oyamba a phunziro limenelo ndinalakwa. Anandiuza mwaulemu kuti ndili ndi mwayi umodzi wobwereza, ndipo ndikalakwanso sikolashipu itha.

Sabata yomweyo zinthu ziwiri zinachokera kumudzi. Kuti tiyankhulane, a Yotamu ankayenera kumunyamula Wezi mpaka pamalo ogwira netiweki. Poyamba mwanayo ankandiimbira nyimbo za ku Sande sukulu. Tsiku limenelo anakankha foni, ndipo ndinamumva bwinobwino akunena kuti sakufuna amama a m'foni. Kenako mnzanga wina wophunzitsa naye anandilembera kuti pamudzi payamba manong'onong'o. Akuluakulu ena a ku banja la amuna anga ankati mwamuna wabwinobwino sangakhale yekha zaka ziwiri, ndipo kuli mtsikana wina ku Bolero amene amuyang'ana kale. Ndinatsegula kompyuta n'kuyamba kufufuza mtengo wa tikiti yobwerera.

Amene anandiletsa kuigula ndi Aviaja, mnzanga wa m'kalasi wochokera ku Greenland, mtsikana wamfupi wosayankhulayankhula. Bambo ake ndi mlenje wa nyama za m'nyanja, ndipo kwawo ayisi wa panyanja ndiye msewu. Iye anandiuza kuti msewu umenewo tsopano umachedwa kuuma, n'kufulumira kusweka, moti alenje sakuudaliranso ngati kale. Atandipeza ndili ndi maso otupa sanafunse zambiri. Anandiponyera jekete.

"Tiye panja. Kwathu munthu amene wayamba kukonda bedi nthawi ya mdima timamukoka."

Kuyambira pamenepo masana aliwonse ankandikoka kukayenda m'mbali mwa nyanja nthawi ya kambuu ija. M'thumba mwake munkakhala nsomba zouma, ndipo nditalawa ndinaseka kwa nthawi yoyamba m'milungu yambiri, chifukwa fungo lake linali la usipa weniweni wa ku Chiweta. Iyenso masamu aja ankamuvuta, ndipo mayeso oyamba aja anali atalakwa ngati ine. Tinagwirizana kuti iye azindifotokozera mmene ayisi amachitira ukamuponda, mmene amalirira, mtundu wake akafooka, ine ndizitenga masamuwo n'kuwaphwanya ngati ndikukonzekera kuphunzitsa Fomu 2. Tinkalowa m'kalasi yopanda anthu, ine pabolodi, iye pampando, n'kumamufunsa mafunso ngati mwana wasukulu. Pophunzitsa iyeyo ndi pamene ineyo ndinamvetsa. Mayeso obwereza tonse awiri tinakhoza. Za mtsikana wa ku Bolero sindinawafunse a Yotamu. Ndinkaopa yankho, ndipo ndinaona kuti ndikalimva ndili kutali chonchi lingandigwetse.

Dzuwa litabwerera, kalasi yathu inapita ku zilumba za Svalbard kukagwira ntchito pa ayisi weniweni. Kumeneko munthu satuluka m'tauni popanda mfuti chifukwa cha zimbalangondo zoyera, choncho tisanapite kulikonse anatiphunzitsa kuwombera. Ine amene ndinkathawa nkhuku ikamaphedwa, ndinagona chafufumimba pa sinowo, ayisi wofewa ngati ufa amene amagwa ngati mvula, mfuti paphewa, n'kulasa chandamale mpaka mlangizi anagwedeza mutu. Tinayenda pa njinga zamoto zoyenda pa sinowo mpaka pamwamba pa phiri la ayisi. Nditatsika ndinaona kuyera kokhakokha mbali zonse, popanda mtengo, popanda udzu, popanda ntchentche, kuli zii moti ndinkamva mtima wanga ukugunda. Ndinavula golovesi n'kugwira pansi. Dzanja linapweteka ngati ndagwira moto, koma sindinalichotse msanga. Ndinaganiza za ana anga a ku Hewe ndi chithunzi chawo chakuda chija.

Ntchito yathu inali yoboola ayisi ndi chitsulo n'kutulutsa zidutswa zazitali zooneka ngati misi. Chaka chilichonse sinowo imasiya mzere wake, ndipo m'mizere imeneyo mumatsalira fumbi ndi mwaye wochokera ku utsi wa mafakitale, sitima zapamadzi ndi nkhalango zopsa za kutali. Mwaye ukadetsa sinowo, dzuwa limaisungunula msanga, monga mmene malaya akuda amatenthera kuposa oyera. Kafukufuku wanga anali pamenepo: mwaye umenewu, ndi malamulo amene mayiko amagwirizana pofuna kuuchepetsa. Tsiku lina ili nthawi yanga yolondera anzanga akuboola, ndinaona kanthu kachikasu pang'ono kakuyenda patali. Ndinayang'ana ndi magalasi oonera patali, chinalidi chimbalangondo. Ndinaitana anzanga, tinalongedza zida mwakachetechete n'kuchoka, chilombocho chikupitiriza ulendo wake. Madzulo ake pulofesa wathu anauza gulu lonse kuti umu ndi mmene mlonda amachitira. Chithunzi changa nditamanga chitenje pamwamba pa zovala za ayisi, mfuti kumsana, chinafika ku Hewe, ndipo ndinamva kuti apongozi anayenda nacho mpaka ku msonkhano wa akulu a mpingo.

M'chaka chachiwiri tinaphunzira za malonda a mpweya. Makampani a m'mayiko olemera amene amatulutsa utsi wambiri amalipira anthu a kwina kuti adzale kapena kusunga mitengo, popeza mitengo imayamwa mpweya woipawo. Pakati pamakhala makampani ena ogula kuno n'kukagulitsa uko. Tinawerenga za malo amene malondawa anathandiza anthu, ndi malo ena amene anthu anadzidzimuka ataletsedwa kulowa m'nkhalango ya makolo awo. Ndinakhoza bwino kwambiri phunziro limenelo, koma ndinkaliona ngati nkhani ya mayiko ena. Digiri ndinaimaliza ndi ulemu wapamwamba. Pulofesa anandiitana n'kundiuza kuti pali malo oti ndipitirize mpaka digiri ya udokotala wa maphunziro, zaka zina zingapo, ndi malipiro abwino. Sindinama, mtima unalakalaka. Ndinayenda nayo nkhaniyo sabata yathunthu. Koma Wezi anali atatsala pang'ono kuyamba Sitandade 1, ndipo ndinali ndisanamuonepo akulemba dzina lake. Ndinathokoza, n'kulongedza.

Kuchokera ku Mzuzu ndinakwera minibasi mpaka pa Rumphi boma, kenako matola odutsa ku Bolero, fumbi lili kobo, zigafa za fodya m'mbali mwa msewu. Aliyense wokwera ankandipatsa moni, ndipo ndinkayankha mokweza ngati munthu wolandira mphatso. Pamudzi anandilandira ndi nthungululu. A Yotamu anali ataonda pang'ono, akumwetulira chamumtima monga mwa khalidwe lawo. Ndinagwada, manja tambasu, kuitana Wezi. Mwanayo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuthawira kuseri kwa chitenje cha a Ellen.

"Amama," anatero akuwakoka a Ellenwo, "aanti awa akhala masiku angati?"

Palibe chimene chinandipweteka ku Norway ngati mawu amenewo. Ndinayembekezera kuti a Ellen anena kuti si ndinanena ine. Sananene. M'mawa mwake Wezi atabwera ndi chipeso kwa iwo, anamubweza. "Pita kwa anyoko, ine manja akundiwawa lero." Tsiku linalo pa nthawi yosamba anati msana. Linalo anati maso sakuona bwino, sangamuthandize kulemba. Mayi wathanzi amene ankalima ekala yekha anadwala matenda atsopano tsiku lililonse, mpaka mwanayo anazolowera manja anga. Patatha mwezi ndi kanthu, Wezi anadzuka n'kundiitana amama osaganizira n'komwe.

Za mtsikana wa ku Bolero ndinazimva kwa mayi wina kuchigayo. Akuluakulu aja anabweradi ndi nkhaniyo pakhomo. A Yotamu anangotenga njinga n'kuchoka, osawayankha. Amene anawayankha ndi a Ellen. Akuti anaima pakati pa bwalo n'kuwauza kuti pakhomo pano mkamwana alipo, wangopita kusukulu, ndipo amene akufuna kukwatitsa munthu akakwatitse ana ake.

Ntchito ya digiri yanga sinapezeke msanga. Ndinabwerera pa choko, pasukulu yomwe ija. M'kalasi zinthu zinasintha, ana ankachita kulimbirana mipando ya kutsogolo ndikamafotokoza za ayisi, koma pamsika anyamata a kabaza ankanditcha madamu a filiji. Ena ankafunsa monyoza kuti galimoto ija ikubwera liti. Ndinayamba kudzifunsa ngati sindinalakwitse kukana udokotala uja.

Kenako kunabwera kampani ina. Anaitanitsa msonkhano wa midzi yonse yozungulira phiri la kumtunda kwathu, pabwalo la sukulu ya pulayimale. Anabwera pa galimoto yoyera, amuna awiri a ku Lilongwe ndi mzungu mmodzi. Mafumu ndi akuluakulu, apongozi anga ali pomwepo, anakhala pamipando kutsogolo. Ife amayi tinakhala pansi kumbuyo. Mmodzi wa a ku Lilongwe aja anafotokoza bwino kwambiri. Anati midzi ipereke phirilo, kampani idzalemo mitengo ndi kuilondera, ndipo anthu azilandira ndalama chifukwa cha mpweya umene mitengoyo idzayamwe. Anati amene avomere msanga alandira feteleza mvula isanagwe. Chaka chapitacho mvula inadula pakati, chimanga chinapserera, choncho mawu akuti feteleza anadutsa m'khamulo ngati mphepo. Anthu anayamba kuwomba m'manja.

Zonse zimene ankanenazo ndinali nditazilembera mayeso. Koma mkamwana saimirira pamsonkhano kuyankhula apongozi ake aamuna ali pomwepo, makamaka pa nkhani ya malo a eni mudzi. Ndinangokhala, ndikufinya nsonga ya chitenje. A Ellen anandigunda ndi chigongono.

"Mlamu, mukuzimva zimene akunenazi?"

"Ndikuzimva."

"Zili bwino?"

"Mwina. Koma pali zambiri zimene sananene."

"Nanga mwakhaliranji?"

Ndisanayankhe anali ataimirira kale. Anawomba m'manja mwaulemu n'kunena mokweza kuti pamudzi pano pali munthu amene anapita kusukulu ya zimenezi, ndipo si bwino kugula ng'ombe muli ndi wodziwa ng'ombe osamufunsa. Anthu onse anayang'ana apongozi anga. Iwo anakonza tayi, n'kutembenuka pampando.

"Mkamwana, yankhulani."

Ndinaimirira. Ndinapereka ulemu kwa mafumu, ndinathokoza alendowo, kenako ndinayamba kufunsa. Phirili mukulifuna kwa zaka zingati? Wa ku Lilongwe uja atatchula zakazo, gogo wina anafuula kuti ndiye kuti ngakhale adzukulu ake adzakhala ndi imvi. Amayi azilowamo kukatola nkhuni ndi kukazula bowa? Anati ayi, mudzakhala alonda. Nanga njira ya ng'ombe yopita kumtsinje, ndi manda akale amene ali kuseri kwa phirilo? Alendowo anayang'anana. Mudzala mitengo yanji? Anati bulugamu, chifukwa amakula msanga. Ndinafunsa ngati akudziwa kuti mtsinje umene midzi yonseyi imamwa umayambira m'phiri lomwelo. Moto wolusa ukatentha mitengoyo, adzataye ndalama ndani? Ndipo pa mtengo umene mukagulitsire mpweyawu kunjako, gawo lofika kuno ndi lotani?

Apa mzungu uja anasiya kuseweretsa foni. Anayankha yekha m'Chingerezi, ndi mawu akuluakulu a ntchito yawo. Ndinamuyankha ndi mawu omwewo, n'kumuuza kuti malamulo a ogula akunjawo amafuna kuti eni malo avomere atamvetsa zonse, popanda kuwafulumizitsa ndi mphatso. Anandifunsa kumene ndinaphunzira. Nditamuuza, anatulutsa cholembera. Ndinatembenukira kwa anthu n'kuwamasulira zonse m'Chitumbuka. Sindinawauze kuti akane. Ndinati mitengo tikuifuna, phiri lathu layera ndi nkhwangwa zathu zomwe, ndipo ndalama si yoipa. Koma tisavomere lero.

Si onse anakondwa. Mlimi wina wa fodya anaimirira atakwiya. "Inu mwadya za azungu zaka ziwiri, mwakhuta. Ife tikufuna feteleza!" Ena anamuvomereza. Kwa milungu ingapo panali anthu amene sankandiyankha moni, ndipo galimoto yoyera ija itasiya kuoneka, ndinkagona ndi mantha kuti ndawatayitsa anthu mwayi. Koma inabweranso. Phiri lathu ankalifuna ndithu. Midzi inasankha komiti, amayi ndi abambo, ine n'kukhala mlembi. Mlimi wa fodya uja tinamuikamo dala, ndipo anadzakhala wovuta kwambiri pa zokambirana kuposa tonsefe. Tinayenda maulendo ambiri kupita ku boma, kukhala ndi a zankhalango ndi odziwa malamulo, kukangana mpaka mawu kusasa.

Pamapeto pake zaka zija anazidula, ndipo anavomera kuti tizikhalanso pansi kuunika mgwirizanowo pakapita nthawi. Phiri linakhalabe la midzi. Nkhuni zouma, bowa, mankhwala azitsamba ndi njira ya ng'ombe zinatsala m'manja mwathu. Bulugamu anamuchotsa, m'malo mwake tikusamalira zitsa za mitengo yachilengedwe kuti ziphukenso ndi kudzala ina ya komweko. Alonda ndi ana a m'midzi yomweyi. Gawo la anthu linakwera, ndipo limalowa ku akaunti ya midzi, osati m'thumba la munthu mmodzi. Mbiri itamveka, midzi ina ya ku Rumphi kuno imene inafikiridwa ndi makampani otere inayamba kunditumira mithenga. Lero ndiyo ntchito yanga. Ndili ndi kaofesi pa boma ndi njinga yamoto, ndipo Lachisanu lililonse ndimabwerera ku Hewe. Anyamata a kabaza amanditchabe madamu a filiji, koma tsopano amatero akundipatsa njira.

Tsiku losainirana mgwirizanowo kunali chikondwerero, magule ndi kwaya ya amayi a mpingo. Pobwerera kunyumba ndinkayenda kumbuyo kwa a Ellen, Wezi atandigwira dzanja. Iwo anali pakati pa amayi a mudzi wina, akufotokoza ndi manja omwe.

"Ameneyu tinamutumiza dala ife. Tinakhala pansi pakhomo n'kuona kuti zinthu zikusintha, pakufunika wina akaphunzire. Ine ndinati mlamu pitani, mwana ndisunga."

Ndinatsala pang'ono kuseka mokweza. Ndinayang'ana a Yotamu, iwo anayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula. Koma tikuyenda choncho, kuseka kuja kunandithera. Zaka zonsezi ndinkadziuza kuti ndinapita ndekha, molimbana ndi mudzi wonse. Komatu pamene ine ndinkaboola ayisi, wina ankadzuka kukamuphikira phala mwana wanga, wina ankamupititsa kusikelo, wina ankathamangitsa anthu ofuna kundilanda nyumba. Anthu a kwathu akhoza kukukaniza ndi pakamwa mpaka tsiku lonyamuka, koma ukangokwera galimoto amatenga katundu amene wasiya n'kumusenza, osakuuza. Digiri ili ndi dzina langa lokha chifukwa pepalalo ndi laling'ono.

A Ellen anacheuka, nkhope ili gwa, osaphethira n'komwe. "Si choncho, mlamu?"

"Ndi choncho," ndinayankha. "Yewo chomene, mlamu. Munandituma, ndipo ndabwera nazo."